Mayi Talile Badasa, Amene Anakana Kudikira Kachitatu

Malemu Mayi Talile Badasa, amene ambiri a inu mumawatchula kuti amake Gadisa, anabadwa pa 9 Malichi, 1962, m'mudzi wa Gorobe, m'dera lathu lino la Salale. Anali mwana wachitatu mwa ana asanu ndi awiri a Bambo Badasa Gurmu ndi Mayi Jifare Dadi. Ine amene ndaima pamaso panu, ansembe athu, akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ndi inu nonse amene mwadzakhuza maliro ano, ndine Lamesa, mlongo wawo wopondana nawo. Banja landituma kuwerenga mbiri yawo, ndipo ndiiwerenga yonse.

Sukulu anayamba mu 1970. Ankadzuka kukama ng'ombe za bambo athu, n'kuumba ndowe zoti zikauma aziphikira m'malo mwa nkhuni, kenako n'kuyenda maola awiri kukafika m'kalasi. Mu 1978 anakhoza bwino mayeso a kalasi yachisanu ndi chitatu, kuposa ine amene ndinalemba nawo chaka chomwecho. Koma ku sekondale ya m'tauni ya Fiche bambo athu anati kupite mwana mmodzi yekha, ndipo anapita ndine. Ndaphunzitsa ana a anthu zaka makumi atatu ndi zisanu pa mpando umene unali wa achemwali anga. Sanandikumbutsepo, koma lero ndanena ndekha.

Mu Januwale 1981 anakwatiwa m'tchalitchi muno ndi Bambo Hundesa Tufa a m'mudzi uno wa Ejersa. Mulungu anawapatsa ana anayi: Gadisa mu 1982, Obse mu 1986, Tolera mu 1989, ndi Lelise mu 1993. Banja lawo linali la mtendere. Bambo Hundesa anali munthu wofatsa, wosakweza mawu ngakhale pa ng'ombe yolowa m'munda wa balere. Ndikunena zimenezi kuti pa zimene zikubwerazi wina asaganize kuti achemwali anga ankathawa nkhanza pakhomo.

Mu 1991 alimi a kuno anakhazikitsa bungwe logulitsa mkaka, ndipo malemu ndiwo ankayeza mkaka m'mawa uliwonse. Nthawi imeneyo ndi pamene kunafika njira yobereketsa ng'ombe popanda nkhunzi: mbewu ya nkhunzi za mtundu wa mkaka wambiri imabwera mu timachubu, m'chigubu chozizira, ndipo munthu wophunzitsidwa amailowetsa m'chiberekero cha ng'ombe ndi dzanja lake. Koma munthu wophunzitsidwayo anali mmodzi, ndipo ankakhala kuboma, ulendo wa maola atatu pa kavalo. Inu alimi mukudziwa kuti ng'ombe ikayamba kufuna nkhunzi lero m'mawa, pofika mawa madzulo nthawi yatha, mudikirenso milungu itatu. Munthu uja ankafika mkuja, n'kumwa khofi, n'kubwerera.

Mu 1993 bungwe linauzidwa kuti lisankhe munthu mmodzi wodziwa kulemba, akaphunzire ntchitoyi masiku makumi anayi ndi asanu. Malemu analembetsa dzina lawo. Anali oyembekezera a Lelise, ndipo anthu anati, “Dikirani mwana abadwe, asiye kuyamwa.” Anamva, nadikira. M'malo mwawo munapita mnyamata wina amene atangolandira satifiketi anakwera basi ya ku Addis Ababa, ndipo mpaka lero sitinamuonenso m'khola la munthu.

Mu 2000 mwayi unabweranso. Chaka chimenecho apongozi awo aakazi anali atafa ziwalo, osatha kudzitembenuza pamphasa. Anthu anati, “Mayi awa awasamale ndani? Dikirani.” Anadikiranso, nawasamala apongozi awo zaka zinayi mpaka kuwatseka maso. Amene anapita ulendo umenewo anagwira ntchito chaka chimodzi, nati ndowe zikumutupitsa khungu.

Mu 2005 ng'ombe za m'mudzi muno zinayamba kutaya mabere. Khola lina ziwiri, khola lina zitatu. Kwa malemu zinataya zinayi mwa zisanu, ndipo iwo ndi amene ankakwirira mathole osakhwimawo kuseri kwa khola. Dokotala wa ziweto atayeza, anapeza kuti matenda ankayenda ndi nkhunzi imene mudzi wonse unkadalira. Nkhunzi imeneyo inali ya alamu awo, Bambo Nagasa Tufa, akulu awo a Bambo Hundesa, amene akhala kutsogolo kuno. Sanalakwe dala, ndipo palibe anawaimba mlandu. Koma nkhunzi inaphedwa, ndipo mudzi unatsala ukudikira munthu wa kuboma uja.

Mu Ogasiti 2007 kalata yachitatu inafika ku bungwe. Inati maphunziro ayamba pa 22 Okutobala, ndipo wopitirira zaka 45 sadzalandiridwa. Malemu anali ndi zaka 45 zenizeni. Analembetsanso. Nthawi imeneyo Bambo Hundesa anali atayamba kudwala chiwindi, ndipo atauzidwa anangoti, “Dikira ndichire, tidzakambirana.” Sanachire. Anamwalira pa 2 Okutobala, chikondwerero cha Mtanda chitangopita kumene.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsetse, chifukwa nkhani imeneyi yakhala ikunenedwa m'misika ndi m'malo omwera mowa zaka zonsezi, ndipo nthawi zambiri ikunenedwa mopotoka. Kuchokera pa maliro a amuna awo kufika tsiku loyamba maphunziro panali masiku makumi awiri okha. Mwambo wa tsiku la makumi anayi, lopempherera mzimu wa womwalira, unkagwa pakati penipeni pa maphunzirowo. Unalinso mwezi womweta udzu wa ng'ombe, umene ukauphonya ndiye kuti ziweto zako zigona ndi njala chilimwe chonse. Ngati pali nthawi yoipa yoti mkazi wamasiye achoke pakhomo, inali imeneyo.

Patatha sabata imodzi ndi theka chiikire maliro, anabwera kwathu ku Fiche atavala zakuda, mutu atameta. Anakhala pansi, namwa khofi, nandiuza kuti akupita. Ine ndinanena zimene aliyense akananena.

“Achemwali, dikirani chaka chamawa.”

“Chaka chamawa ndidzakhala ndi zaka zingati? Iwe mphunzitsi, kalatayi sunaiwerenge?”

“Nanga udzu?”

“Gadisa ali ndi zaka 25 ndi manja awiri. Akapanda kudziwa chikwakwa chaka chino, adzachidziwa liti?”

“Anthu adzanena kuti simukulira.”

Anaika kapu ya khofi pansi. Kenako anati, “Lamesa, ndikulira. Ndikudzuka n'kumuikira kapu yake ya khofi, n'kukumbukira pambuyo. Koma misozi ndipita nayo, siilemera. Ndikakhala pano ndilira Hundesa, kenako ndidzalira ndekha moyo wanga wonse.”

Sanabwere kudzandifunsa maganizo. Anabwera kudzabwereka chikwama.

Nkhani itamveka, akuchimuna anaitanitsa msonkhano pakhomo pa malemu. Ine ndinalipo. Bambo Nagasa, monga mkulu wa banja, anayankhula m'malo mwa onse.

“Mlamu, dothi la pamanda a mng'ono wanga silinaume. Mukufuna anthu anene kuti munkangodikira kuti afe?”

“Alamu, ndadikira ali moyo zaka khumi ndi zinayi. Wofuna kunena ayambire pamenepo.”

“Mayi wamkulu ngati inu, wa ana otha msinkhu, kumakapisa mkono kumbuyo kwa ng'ombe pamaso pa amuna? Ana anu adzayenda bwanji pamsika?”

“Adzayenda ndi miyendo. Mkono uwu waumba ndowe kuyambira ndili ndi zaka zisanu, ndipo ndi womwewu unkasambitsa amayi anu. Nthawi imeneyo simunauone manyazi.”

Bambo Nagasa anati ngati apita, asadzabwerenso kudzakhala pa mpando wa mwini maliro. Malemu anapitiriza kukonzekera ulendo. Masiku otsalawo anawathera kukonza zonse za mwambo wa amuna awo: anapetha tefu wopangira buledi, napita naye kuchigayo, namiza balere wa mowa, nasinja tsabola, nagawira Obse ndi azakhali ake ntchito ya aliyense. Pa 21 Okutobala anakwera basi.

Kusukuluko, kummwera, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kuno, anapeza anyamata makumi awiri ndi atatu, ndipo mkazi anali iwo okha. Anyamatawo ankawatcha agogo. Zolemba zinawavuta, poti cholembera anali atachisiya kalekale kupatula polemba manambala a mkaka, ndipo mayeso oyamba analephera. Milungu iwiri yoyambirira ankaphunzirira pa ziberekero za ng'ombe zochokera kophera nyama. Atayamba pa ng'ombe zamoyo, mkono wawo wamanzere unatupa mpaka paphewa. Koma m'khola munalibe wowaposa. Ankangoima pachipata n'kunena kuti iyo yofiirayo yayamba usiku wathawu, iyo yakudayo musataye nayo mbewu, nthawi yake yapita. Aphunzitsi ankati akapima n'kupeza kuti ndi zoona.

Loweruka pa 10 Novembala anapempha tchuthi cha masiku awiri, nafika kuno dzuwa likulowa. Lamulungu m'mawa, mapemphero a tsiku la makumi anayi atatha, anthu anasonkhana pakhomo kudya. Malemu atalowa muhema, amayi ena anasendeza mipando yawo, ndipo wina anagwira mphuno. Bambo Nagasa anati mokweza, “Mlendoyo mupatseni malo kumbuyo.” Malemu anapita pamene panali mtanga wa buledi wa injera, nautenga m'manja mwa Obse, nayamba kugawira anthu, kuyambira ansembe, kenako alamu awowo. Anaima pamaso pawo ndi mtangawo mpaka analandira. Masana omwewo anakweranso basi.

Anamaliza maphunziro pa 6 Disembala, 2007. Pa mayeso a m'khola anali oyamba.

Musaganize kuti pobwera analandiridwa ndi nthungululu. Mwana wawo woyamba, Gadisa, sanawayankhule zaka ziwiri, ngakhale udzu anamweta wonse. Banja limene linafunsira Obse linabweza mawu, nati silingatenge mwana wa mayi wotere. Obse analira mwezi wathunthu, ndipo mayi ake analira naye, koma sanapepese kwa aliyense. Pamsika anawapatsa dzina lakuti Nkhunzi Yovala Diresi. Atalimva, anapita kwa wolemba zikwangwani ku Fiche, nalilembetsa ndi penti yofiira pa bokosi la zipangizo zawo. Bokosilo ndi ilo lili pafupi ndi maluwalo.

Miyezi isanu inatha popanda wowaitana. Anayamba ndi ziwiri mwa ng'ombe zawo, ndipo yoyamba sinatenge bere. Anthu anaseka mpaka kutsidya la mtsinje. Mu Meyi 2008 Mayi Kumele, amasiye a kumtunda kuja, amene anali ndi ng'ombe imodzi yokha ndipo analibe kavalo wotuma kuboma, anabwera okha nati, “Amake Gadisa, ine manyazi sindingawakame. Tiyeni.” Mu Febuluwale 2009 ng'ombe ija inabereka thole lalikazi la mawanga akuda ndi oyera, ndipo litakula linkatulutsa mkaka wa ng'ombe zitatu. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kubwera, ambiri kudzera kukhomo lakuseri. Amuna amene ankaseka pamsika ankatuma akazi awo. Ena a inu muli pano, ndipo sinditchula mayina.

Dzina limodzi lokha nditchula, chifukwa eni ake andilola. Mu 2012 Bambo Nagasa anatuma akazi awo kuti ng'ombe yawo yafuna. Malemu anati, “Eni ng'ombe abwere okha.” Bambo Nagasa anabwera, naima pachipata, nayamba kukamba za mvula, za mtengo wa mchere, za bondo lawo. Malemu anawasiya akambe mpaka nkhani zinawathera, kenako anati, “Alamu, ng'ombe yanu ikudikira. Ndinyamulireni chigubucho.” Ananyamula, nadutsa nacho pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo.

Ntchito imeneyi anaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, m'midzi isanu ndi inayi, poyamba pa kavalo, kenako pa njinga yamoto imene anaphunzira kuyendetsa ali ndi zaka 52. A bungwe akuti mathole obadwa kudzera m'manja mwawo akuposa zikwi zitatu. Sanali munthu wophweka, ndipo sindinama pamaliro. Lilime lawo linali lakuthwa. Akapeza ng'ombe yowonda ankakana kuigwira, nauza mwini wake pamaso pa ana ake kuti ayambe waidyetsa. Paukwati wa Tolera anachoka chakudya chisanagawidwe chifukwa cha ng'ombe ya munthu amene sankamudziwa n'komwe. Gadisa anabwerera kwa mayi ake mu 2010, popanda mwambo uliwonse: tsiku lina anangofika n'kuyamba kukonza chishalo cha kavalo wawo. Obse anakwatiwa mu 2011 ndi mwamuna amene anabwera kudzaitana mayi ake ku khola lake, naona mwana.

Achinyamata ambiri ankabwera kudzawafunsa kuti nawonso apite liti kukaphunzira. Mwina mukuganiza kuti aliyense ankamuuza kuti apite lero. Ayi. Mwana wawo yemwe, Lelise, atamaliza sekondale mu 2011 anafuna kupita nthawi yomweyo, ndipo anamukaniza. Anati, “Iwe ukufuna pepala. Sunga ng'ombe ziwiri zaka ziwiri, uzidziwa ikadwala ndi ikafuna popanda wokuuza. Ukadzaona ng'ombe ya mnzako ikuphonya nthawi yake iwe n'kumva kuwawa ngati ndi yako, udzapita, ngakhale tsikulo likhale la ukwati wako.” Lelise anakwiya, nati mayi ake akumuchita zimene anthu anawachita iwo. Anamuyankha kuti, “Ine ankandiletsa nditakonzeka. Iwe ndikukuletsa usanakonzeke. Ukasiyanitsa zimenezi wakula.” Lelise anapita mu 2014, ndipo lero ndi amene wagwira chigubu cha mayi ake.

Mu 2023 malemu anayamba kutupa miyendo. Kuchipatala anapeza kuti impso zawo zafooka chifukwa cha matenda a shuga amene anakhala nawo nthawi yaitali osawalabadira. Njinga anaisiya mu Disembala chaka chomwecho, koma anthu ankabwerabe ndi mafunso, ndipo ankawayankha ali chigonere. Pa 27 Januwale chaka chino anagonekedwa m'chipatala ku Fiche.

Sabata yatha Bambo Nagasa, ndi zaka zawo 81, anakwera galimoto kukawaona. Ine ndinali pambali pa bedi. Atakhala pansi anati, “Mlamu, ndinakulakwirani.”

Malemu anati, “Zinatha kalekale, alamu. Munandinyamulira chigubu.”

Anaseka onse awiri, ndipo Bambo Nagasa anapukuta maso. Atatuluka, achemwali anandikoka malaya nati, “Lamesa, mbiri yanga udzawerenga ndiwe. Ndikuwadziwa anthu athu. Adzafuna kuikonza kuti ikome. Adzati banja linakhala pansi n'kundilola, kapena Hundesa anandidalitsa asanafe. Usadzavomere. Pali mayi wina adzakhala kumbuyo kwa hema akumvetsera, ndipo akadzamva kuti ndinaloledwa, nayenso adzakhala pansi kudikira kuti amulole.”

Anamwalira dzulo, Lachisanu pa 14 Febuluwale, 2025, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ana awo onse anayi ali pomwepo. Anatsala milungu itatu kuti akwanitse zaka 63.

M'mawa uno akuluakulu ena, mwa ulemu ndi mtima wabwino, anandiitanira pambali. Anandipempha kuti za 2007 ndizidumphe, ndipo ntchito yawo ndingoti ankathandiza alimi, poti pano pali ansembe. Ena anati ndilembe kuti anapita ndi chilolezo cha banja. Ndawamva, ndipo ndikuwalemekeza, koma ndakana. Ansembe athu nawonso ali ndi ng'ombe, ndipo akudziwa amene ankabwera kukhola kwawo. Choncho ndikunena pamaso pa mudzi wonse: Mayi Talile Badasa ankabereketsa ng'ombe ndi dzanja lawo. Anapita kukaphunzira amuna awo atangoikidwa masiku makumi awiri. Amuna awo sanawalole, alamu awo sanawalole, ana awo sanawalole, ndipo ine mlongo wawo ndinawauza kuti adikire.

Malemu asiya ana anayi, Gadisa, Obse, Tolera ndi Lelise, zidzukulu khumi ndi chimodzi, alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi.

M'malo mwa banja la a Badasa ndi banja la a Tufa, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala, makamaka amene anapirira lilime lawo. Ndikuthokoza a bungwe lathu la maliro amene akhoma hema ndi kukumba manda, amayi amene aphika ndi kukazinga khofi kuyambira dzulo, a bungwe la mkaka amene apereka galimoto yonyamula thupi, ansembe ndi madikoni, ndi inu a midzi isanu ndi inayi amene mwasiya makola anu kubwera kuno. Ndikuthokoza Mayi Kumele, amene ananyamulidwa pa mpando kuti adzafike. Ndikuthokozanso Bambo Nagasa, amene nditawauza m'mawa uno zimene ndiwerenge, anati, “Werenga, ndi mmene zinalili.”

Achemwali, ndawerenga monga munanenera, sindinachotsepo kanthu. Kwa anthu simunapemphe malo. Kwa Mulungu yekha ndi kumene ife tikukupempherani, kuti akulandireni pakati pa olungama. Mzimu wanu uuse mumtendere.